NKHONDO YA NAMSONGOLE M'MINDA YA BERSEEM

Mcikumbi ali yense woweta ng'ombe za mkaka adziwa kuti ng'ombe ibweza molingana ndi cimene yadya. Ikakhuta msipu wabwino cidebe cidzala, koma ikadya mapesi okhaokha mwini khola angopukusa mutu. M'nkhani ino tifuna kufotokozera owerenga athu za acikumbi a m'maiko atatu akutali, ndiwo Egypt, India ndi Pakistan, amene amalima mbeu yochedwa berseem kuti ikhale cakudya ca ziweto zao. Ndiponso za nkhondo imene amamenya caka ndi caka pa namsongole womera m'minda ya mbeuyo. Phunziro lalikuru limene anthu amenewa analipeza ndi ili: namsongole woopsa koposa safika m'munda pa yekha ai, koma mwini munda ndiye amamfesa ndi dzanja lace, atabisala m'kati mwa mbeu. Cifukwa cace wopambana pa nkhondoyi ndiye amene ayamba kuimenya asanafese.

BERSEEM NDI CIANI?

Berseem ndi mtundu wina wa clover, ndipo akatswiri a zomera amamucha Trifolium alexandrinum. Ali pa cibale ndi nyemba, khobwe ndi mtedza. Tsamba lace liri ndi timasamba 3 pa phesi limodzi, thunthu lace ndi lofewa ndi la mphako m'kati, ndipo maluwa ace ndi oyera, okhala pamodzi m'kamutu kozungulira. Monga momwe ziliri ndi nyemba, pa mizu yace pamatuluka timatuza, ndipo m'menemo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene titenga nitrogen mu mpweya ndi kumpatsa mbeu. Motero berseem adyetsa ziweto, nasiyanso nthaka iri ndi conde coposa kale.

Mbeuyi ndi yodziwika kwambiri ku cigwa ca mtsinje wa Nile, kumene alimi akhala akuilima kwa zaka mazana ambiri mosinthanitsa ndi thonje, tirigu ndi cimanga. Kumeneko kuli berseem wochedwa Fahl, amene amadulidwa kamodzi kokha, ndi wina wochedwa Miskawi, amene aphukira akadulidwa. M'caka ca 1904 mbeuyi inafika ku Sindh, m'dziko limene lero ndi Pakistan, ndipo kucokera kumeneko inafalikira ku Punjab ndi kumpoto konse kwa India. Lero kuli malo ofufuzira za msipu ku Jhansi m'India, amene anatsegulidwa m'caka ca 1962, ndi ena ku Sargodha m'Pakistan, ndipo konseko berseem ali pakati pa mbeu zimene akatswiri amazisamala koposa.

Pakuti maikowa ali kumpoto kwa Equator, nyengo yao yacisanu ifika pamene kuno kuli dzinja. Alimi amafesa berseem m'mwezi wa October kapena November m'minda yothirira, namadula kufikira April kapena May. Munda wosamalidwa bwino udulidwa ka 4 kufikira ka 6, ndipo ukhoza kupatsa matani 25 kapena kuposa a msipu wauwisi pa ekala imodzi. Mukaumitsa msipuwo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 ndi cakudya comanga thupi. Ng'ombe, njati zoweta zimene anthu a kumeneko amakama, ndi aburu omwe, zonse zikhalira berseem m'miyezi imeneyi.

CIFUKWA NINJI NAMSONGOLE AMBVUTA?

Zifukwa ndi zitatu. Coyamba, mbeu ya berseem ndi yaing'ono kwambiri, ndipo mmera wace ukula pang'onopang'ono m'masabata 5 kapena 6 oyamba; pa nthawi imeneyo nthaka ikhala yosapfundika, ndipo namsongole apeza dzuwa ndi malo. Caciwiri, mbeuyi amaifesa momwaza, osati m'mizere, kotero kuti khasu silingalowe popanda kudula mbeu yomwe. Cacitatu, munda wace ndi wothirira, ndipo akuru anati walira mvula walira matope: madzi amene ameretsa berseem ameretsanso ciri conse cogona m'nthaka, nabweretsa ndi njere zina zocokera m'mbali mwa ngalande.

Mlimi wolekerera namsongole ataya kawiri. Ataya msipu, pakuti mtolo umene anyamula kunka nao ku khola ukhala wolemera ndi zomera zopanda cakudya cokwanira. Atayanso mbeu, pakuti imene akolole idzakhala yocepa ndi yosakanizika, yosafunika kwa ogula, ndipo akaifesa yekha adzabwezera bvuto lomwelo m'munda mwace litacuruka.

ADANI ENIENI

Mdani woyamba ndi comera cimene Azungu acicha chicory, ndipo ku India ndi Pakistan acicha kasni. Ciri ndi muzu wautali wolowa pansi ngati wa karoti, ndi masamba oyala pa nthaka. Cikwakwa cikadula masambawo muzu utsala wamoyo, nuphukira pamodzi ndi berseem. Kucenjera kwace kuoneka pa mapeto a nyengo: mlimi akaleka kudula kuti berseem acite maluwa, kasni nayenso atulutsa phesi lalitali la maluwa obiriwira ngati thambo, ndipo njere zace zikhwima pa nthawi imodzi ndi za berseem. Popuntha zisakanizika, ndipo pakuti msinkhu wace ndi wofanana, sefa salekanitsa. Tinene zoona: kasni si wa ululu ai. Ziweto zimamdya, ndipo ku New Zealand anaturutsa mtundu wace wochedwa Puna m'caka ca 1985 kuti alimi adzibzalira nkhosa ndi ng'ombe. Koma m'munda wa berseem alanda malo ndi madzi, naipitsa mbeu. Cifukwa cace malamulo oyesera mbeu a ku India, amene maziko ace ndi lamulo la mbeu la caka ca 1966, amchula kasni ndi dzina kuti ndiye namsongole wosafunika m'mbeu ya berseem.

Mdani waciwiri ndi dodder, amene ku Egypt amucha hamool, ndi ku India amarbel. Owerenga athu adziwa kaufiti, amene ayamwa cimanga ku mizu. Dodder ndi wakuba wa mtundu womwewo, koma iye ayamwa ku thunthu. Alibe masamba, ndipo aoneka ngati ulusi wacikasu. Njere yace ikamera, kaulusiko kazungulirazungulira kufuna comera coti kagwire. Kakapanda kucipeza m'masiku owerengeka kafa. Koma kakagwira berseem kamkulunga, nikalowetsa timano m'thunthu lace, ndipo muzu wace wa pansi uuma pakuti sufunikanso. Kucokera pa comera cimodzi ulusiwo utambalala kumbali zonse kufikira pakhala cigamba cacikasu ca berseem wofota. Njere zace zikhoza kugona m'nthaka zaka 10 kapena kuposa, ndipo zambiri zituruka zamoyo m'ndowe ya ciweto cimene cazidya.

Mdani wacitatu ndi kacomera koyanga pansi, ka pfungo loipa, kamene akatswiri akacha Coronopus didymus. Kuipa kwace sikuli m'munda mokha. Nthambi zace zikalowa m'mtolo wa msipu ng'ombe nidya, mkaka ukhala ndi pfungo losakondweretsa, ndipo kuwiritsa sikucotsa pfungolo koma kuliwonjeza. Mkaka wotere ogula aubweza. Pa malo olowa, pamene madzi amaima, pameranso jangli palak, comera ca masamba akuruakuru amene aphimba mmera wa berseem.

KUYERETSA MBEU

Akuru anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Mbeu yogula pa msika kwa munthu wosadziwika ikhoza kuoneka yoyera ndi yonyezimira iri m'thumba, koma taithirani pang'ono pa pepala loyera ndi kuipenyetsetsa. Njere za berseem ndi zosalala, zoumbika ngati dzira, zacikasu. Njere za kasni ndi zosongoka mbali imodzi ndi zotuwa. Za dodder ndi zozungulira ndi zokhakhala. Mlimi wanzeru agula mbeu yoyesedwa, ya cizindikiro pa thumba, kapena agula kwa mnansi amene munda wace anauona ndi maso ace uli ndi maluwa.

Pocotsa kasni alangizi a ku India ndi Pakistan amaphunzitsa njira yapafupi, imene munthu ali yense akhoza kuicita pa khomo pace:

1. Sungunulani mcere kilogalamu 1 m'malita 10 a madzi.

2. Thirani mbeu m'madzimo ndi kubvundula bwino. Njere za berseem ndi zolemera, ndipo zimira. Za kasni, pamodzi ndi mbeu zamphwephwa ndi zinyalala, ziyandama.

3. Yengulani zonse zoyandama ndi kuzitentha. Musazitaye ku dzala kapena pa mulu wa manyowa, pakuti zidzabwerera ku munda.

4. Tsanulani madzi amcere msanga, ndi kutsuka mbeu yomira ndi madzi abwino kawiri kapena katatu. Mcere wotsalira uononga kameredwe.

5. Yanikani mbeu pa mthunzi, osati pa dzuwa.

Ngati munda sunalimidwepo berseem, mbeu iyenera kusakanizidwa ndi tizilombo ta m'timatuza tija, timene tigulitsidwa m'timapaketi. Nchito imeneyi icitike mbeu itatsukidwa kale, pakuti mcere utipha.

Njira ya mcere musaidalire pa dodder. Iye amamcotsa ndi makina ku malo oyeretsera mbeu, ndipo nzeru yace ndi yokondweretsa. Amanyowetsa mbeu pang'ono naisakaniza ndi ufa wa citsulo. Ufawo umatirira pa khungu lokhakhala la dodder, koma pa khungu losalala la clover uterereka. Tsono mbeu ikamadutsa pa gudumu la maginito, njere za dodder zikokedwa nizipatuka, ndipo za clover zipitirira zokha.

KUKONZA MUNDA NDI KUFESA

Mbeu yoyera ifunika munda woyera. Alimi osamala amathirira munda masabata 2 kapena 3 asanafese, nadikira kuti njere za namsongole za pamwamba zimere. Pamenepo agaula mosazamitsa ndi kupha mmera wonsewo uli wanthete. Kuzamitsa khasu pa nthawi imeneyi ndi kulakwa, pakuti kuturutsa njere zina zimene zinali pansi. Atatero asalaza munda ndi kuugawa m'timinda tating'ono ta migula m'mbali, kuti madzi afike ponse mofanana. Pa citunda berseem samera bwino, pa dzenje abvunda, ndipo ponse pamene berseem walephera namsongole alowapo.

Kawirikawiri amafesa m'madzi oima osaya, makilogalamu 8 kufikira 10 pa ekala. Wouma manja pa mbeu asiya mipata, ndipo mpata uli wonse upeza mwini. Ambiri amaonjezamo mbeu pang'ono ya mpiru kapena ya oats. Zimenezi zikula msanga, ziphimba nthaka pamene berseem ali wamng'ono, nizicurukitsa msipu wa kudula koyamba. Pambuyo pace berseem atsala yekha atalimba. Koma mpiru ukacuruka usanduka namsongole nawonso.

Nthawi yofesa iri ndi kanthu. Wofesa kukali kotentha apeza kuti maudzu a m'cilimwe ameranso nakula kuposa mbeu. Wocedwa kufikira cisanu citalimba apeza kuti mmera wace waima osakula. Pa feteleza kumbukirani kuti berseem apanga nitrogen wace yekha, ndipo cimene asowa kwambiri ndi phosphate. Wothira nitrogen wambiri adyetsa maudzu, osati mbeu yace. Manyowa akhale owolerana bwino, pakuti ndowe yaiwisi idza ndi njere zamoyo. Ndipo m'mbali mwa ngalande muzilambulidwa namsongole asanabale.

Patapita masabata 3 kufikira 5 cifesere, banja lilowa m'munda nthaka ikali yonyowa ndi kuzula ndi manja kasni ndi jangli palak, muzu ndi muzu. Ndi nchito yowawitsa msana, koma tsiku limodzi la pa nthawi imeneyi liposa masiku ambiri a m'tsogolo. Mmera mpoyamba.

CIKWAKWA CIPALIRANSO

Kudula koyamba kucitika patapita masiku 50 kufikira 60, ndipo pambuyo pace amadula masiku 25 kufikira 35 ali onse, monga mwa kutentha kwa nyengo. Kudula kumeneku ndi kupalira komwe. Namsongole wambiri woima ciriri, wa moyo wa caka cimodzi, akadulidwa asanacite maluwa saphukiranso ndi mphamvu. Koma berseem aturutsa nthambi zatsopano pa tsinde, naphimba nthaka yonse. Cifukwa cace kudula koyamba kusacedwe m'munda wa chire lambiri. Cikwakwa cidutse masentimita 5 kufikira 7 kucokera pansi, ndiko kuti ngati zala 3 kapena 4 zogundana. Wometa mpala acotsa maso amene mphukira zicokera, napatsa namsongole mwai.

Mphamvu imeneyi inathandiza alimi a tirigu. Ku Haryana ndi Punjab kuli udzu wochedwa gulli danda, wofanana ndi tirigu ukali waung'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunapezeka kuti udzuwo waleka kufa ndi mankhwala a isoproturon amene alimi anali kupopera caka ndi caka. Imodzi mwa njira zimene alangizi anapereka inali yobzala berseem m'malo mwa tirigu m'minda yogwidwa, pakuti cikwakwa cikamadutsa mwezi ndi mwezi udzuwo supeza mpata wobala, ndipo njere zace zicepa m'nthaka.

Koma dodder cikwakwa sicimtha. Kaulusi kotsala pa tsinde kaphukira, ndipo kaduka kogwa pa berseem wina kagwira. Mukaona cigamba cacikasu, dulani conse pansi penipeni, pamodzi ndi berseem wa m'mbali mwace wooneka wabwino. Unjikani pomwepo, ndipo zikauma tenthani. Musanyamule kudutsa nazo m'munda, ndipo musapatse ziweto. Munda wogwidwa kwambiri ubzalidwe tirigu, cimanga kapena mapira kwa zaka zingapo, pakuti dodder sakhoza kuyamwa mbeu za mtundu wa udzu.

MUNDA WA MBEU

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mlimi asasiyire mbeu gawo liri lonse limene latsala cifukwa ziweto zalephera kulimariza. Asankhe kuyambira paciyambi gawo loyera koposa, lopanda mbiri ya dodder, nalisamale ngati nkhokwe. Alangizi ena amalimbikitsa kuti gawo limeneli libzalidwe m'mizere, kuti khasu lilowe.

Kudula komariza kwa gawo la mbeu kucitika m'mwezi wa March kapena April, monga mwa mtundu wa berseem ndi dera. Wopitiriza kudula cifukwa ca kusirira msipu acititsa kuti maluwa aturuke mphepo yotentha itafika, ndipo njere zikhala zocepa ndi zofwapa. Atangodula kotsiriza, munda uli poyera, ndiyo nthawi yokumba zitsa za kasni ndi kakhasu. Amene apulumuka adziulula yekha pocita maluwa, pakuti maluwa ace obiriwira aima pamwamba pa maluwa oyera a berseem. Maluwa a kasni atseguka m'mawa natseka dzuwa likakwera, motero woyendera munda apite m'mamawa. Ayende mobwerezabwereza kufikira tsiku lokolola, nazule comera conse ndi kuciturutsa kunja.

Berseem afuna njuci kuti abale bwino, ndipo alimi amene aika ming'oma pafupi ndi munda akolola mbeu yocuruka. Cifukwa cace pa nthawi ya maluwa pasapoperedwe mankhwala opha tizilombo. Timitu tikauma ndi kusanduka tofiirira, m'mwezi wa May kapena June, amadula, kuyanika ndi kupuntha. Popunthira pakhale posesa bwino, matumba akhale oyera, ndipo makina obwereka ayeretsedwe asanayambe nchito, kuti angabweretse namsongole wa mnansi.

ZA MANKHWALA OPHA NAMSONGOLE

Pano pafunika kucenjera kwakukuru. Berseem ndi comera ca masamba otambalala, monganso kasni, ndipo mankhwala ambiri opha namsongole wotere m'cimanga ndi m'tirigu, monga 2,4-D, apha ndi clover yemwe. M'zaka za m'ma 1950 Professor R. L. Wain wa ku Wye College ku England anapeza mankhwala ochedwa MCPB, amene pa okha sapha. Asanduka ululu akalowa m'thupi la namsongole, koma mitundu yambiri ya clover siwasandutsa motero, ndipo ipulumuka. Kucokera pamenepo papezeka mankhwala ena, koma palibe amene ali oyenera pa clover ali yense ndi nthaka iri yonse. Mlimi asapopere kanthu kopanda dzina la mbeu yace pa cikalata ca botolo. Afunse mlangizi, atsate muyeso, nasunge masiku olembedwa asanadule msipu wopatsa ziweto za mkaka. Mpope umene unapoperapo 2,4-D usalowe m'munda wa clover usanatsukidwe bwino lomwe. Ndipo nkhani ya gulli danda itikumbutse kuti wodalira botolo limodzi caka ndi caka adzapeza tsiku lina botololo litaleka kugwira nchito.

MAU OTSIRIZA

Owerenga athu ambiri sanaonepo berseem, koma amene amabzalira ng'ombe za m'khola lucerne, desmodium kapena nkhungudzu, ndi onse osunga mbeu yao caka ndi caka, apeza m'nkhaniyi zowakhudza. Ndipo ulusi wacikasu wonga wa dodder umaonekanso kuno pa mipanda ya mitengo. Kumbukirani zinthu izi:

1. Penyetsetsani mbeu musanagule, ndi kuiyeretsa musanafese.

2. Meretsani namsongole ndi kumupha mbeu isanalowe m'munda.

3. Fesani pa nthawi yace, mokwanira, pa nthaka yosalala.

4. Zulani ndi manja m'masabata oyamba, ndi kudula pa nthawi yace.

5. Tenthani dodder pamene mwampeza.

6. Patulani gawo la mbeu, ndipo musalole namsongole ndi mmodzi yemwe kubala m'menemo.

Mlimi wocita zimenezi caka coyamba atopa kwambiri, caka caciwiri atopa pang'ono, pakuti afesa mbeu yoyera m'munda woyera. Ng'ombe zace zikhuta, mkaka wace subwezedwa, ndipo nyengo yofesa ikafika anansi adza pa khomo pace kudzagula mbeu.